Nthunzi, Magetsi ndi Mawu Akuti “Linali Tsiku Lake”

Pamaliro a mwana amene wapsa ndi madzi owira, kapena a bambo amene wagwidwa ndi magetsi, sipalephera kuimirira munthu wonena kuti linali tsiku lake, Mulungu watenga chake, palibe akanaletsa. Pasiwa mawuwa ali ndi ntchito yake, ndipo sindikufuna kuwalanda anamfedwa, chifukwa mayi amene wakhala pamphasa pambali pa bokosi la mwana wake safunika woweruza. Chondidetsa nkhawa n’chakuti mawu omwewo sathera kumanda. Amabwerera nafe kunyumba, amalowa m’khitchini, ndipo amayamba kulankhulidwa ngozi isanachitike n’komwe. Mukamuuza munthu kuti waya wakewo wasendeka, amayankha kuti imfa ikafuna kubwera imakupeza ngakhale uli gone pabedi. Mukamuuza kuti achotse mphika pamene mwana akukwawa, amati Mulungu ndiye amasunga. Zimamveka ngati kupembedza, mwakuti wochenjezayo ndiye amaoneka wachikhulupiriro chochepa. Ine ndikuti chikhulupiriro chopatsa munthu chilolezo chotayirira sichimene mipingo ya kuno ku Angónia inalandira, ndiponso kuti kusamala ndi ngongole imene aliyense ali nayo kwa anthu a m’nyumba mwake. Maganizo amenewa ndiwayesera pa chinthu chaching’ono, mphika wamagetsi wophikira ndi nthunzi, poti chiphunzitso chimene chikulephera pa mphika sichingapirire pa zinthu zazikulu.

Kuphika ndi nthunzi sikwachilendo kuno. Amayi akhala akuika maungu ndi mbatata pa timitengo mumphika, madzi ali pang’ono pansi, n’kuvundikira kuti zipse ndi nthunzi. Chachilendo ndi chipangizochi. Pansi pake pamakhala mothiramo madzi ndi kachitsulo kamene kamatentha magetsi akadutsamo, pamwamba pake timadengu tobowokabowoka tiwiri kapena titatu tosanjikizana, kenako chivundikiro ndi kawotchi kozimitsa nthawi ikakwana. Nsima sungaphikemo, ndipo nyemba zouma zimafuna kuwira ndithu pamoto, choncho mbaula siichoka msanga. Koma dera limene limakolola mbatatesi, kabichi, karoti, maungu ndi chimanga chachiwisi mochuluka ngati Ulongwe lili ndi zambiri zoti n’kuphikamo. Ndipo pali chifukwa chachikulu choukondera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m’chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m’nyumba, utsi wa nkhuni, makala ndi palafini. Kuno kumapiri, m’miyezi ya Juni ndi Julaye chisanu chikavuta, anthu amalowetsa mbaula m’nyumba n’kutseka mazenera, ndipo mpweya wa makala umene sununkha umatha kuwagoneka tulo tosadzuka nato. Chigawo cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa, lotha kupanga mamegawati 2,075, ndiye palibe cholakwika kuti mwana wa ku Tete aphike ndi magetsi. Sindikuti anthu abwerere kumafuwa. Ndikungoti walira mvula walira matope, ndipo amene wagula mayunitsi a magetsi a Credelec n’kulowetsa mphikawu m’nyumba walandiranso udindo umene agogo ake analibe.

Udindowo ndi watsopano chifukwa ngozi yake sioneka. Moto wa pamafuwa umadzilengeza wokha: umawala, umafuka, umatentha munthu ali patali, ndipo mwana wa m’mudzi amauphunzira akukula, akuluakulu akumukalipira nthawi iliyonse imene wayandikira. Mphika wamagetsi umakhala duu, woyera, pulasitiki yake yooneka ngati choseweretsa. Komabe nthunzi imene ikutuluka pa timabowo ta chivundikiro imaotcha kuposa madzi owira. Kuti madzi amene awira kale asanduke nthunzi, pamafunika kutentha koposa kasanu kuyerekeza ndi kumene kumafunika kuti madzi ozizira kwambiri afike powira, ndipo nthunziyo ikakhudza khungu n’kubwereranso kukhala madzi, kutentha konseko imakutula pakhungupo. Poti Ulongwe ali pamalo okwera kuposa mamita 1,000, madzi kuno amawira pa madigiri cha m’ma 96 osati 100, kotero chakudya chimachedwako pang’ono kupsa, ndipo wophika amakopeka kuvundukula kawirikawiri kuti aone. Madigiri anayi osiyanawo sachepetsa bala kwenikweni. Magetsi ndiye sapereka chenjezo lililonse. Mphika wotere umakoka mawati mazana angapo mpaka cha m’ma 1,000 pa mavolti 220, amene ndi maampeya ofika pafupifupi anayi ndi theka, pomwe mamiliampeya makumi angapo okha, akadutsa pachifuwa, amatha kusokoneza mtima mpaka kuuimitsa. Munthu woponda pasimenti yonyowa wopanda nsapato, manja ali chinyowere ndi madzi otsukira ndiwo, ndiye njira yabwino kwambiri imene magetsiwo angadutsemo kupita pansi. Izi sizidalira mwayi wa munthu kapena mtima wake. Zimachitika chimodzimodzi kwa mkulu wa mpingo ndi kwa chidakwa, ndipo amene amakhulupirira kuti Mulungu ndiye analenga madzi ndi mphezi ayenera kuvomera kuti malamulo amenewa anawaika ndi Iyeyo.

Ulongwe alinso ndi vuto lakelake lobwera chifukwa chokhala pafupi ndi malire. Katundu wambiri amalowa kudzera pa Calomue kuchokera ku Dedza ndi ku Lilongwe, ndipo zipangizo za ku Malawi zimakhala ndi pulagi ya mano atatu amakona, yokhala ndi fyuzi mkati. Zochokera ku South Africa zimakhala ndi mano atatu ozungulira aakulu. Matomada a m’nyumba zambiri za ku Mozambique amalandira mano awiri ozungulira. Pulagi ikakana kulowa, njira yachidule ndi kuidula n’kupisa mawaya awiri osenda m’tomada, kutsina ndi kamtengo ka machesi, waya wachitatu wobiriwira ndi wachikasu uja n’kungomusiya lende ngati wopanda ntchito. Koma waya ameneyo ndiye amene amatenga magetsi n’kuwathawitsira pansi ngati mkati mwa mphika mwawonongeka, kuti asadutse m’thupi la wogwira. Ena amagula kolumikizira kotchipa kamene kamalola pulagi kulowa koma sikalumikiza waya wachitatuyo. Enanso amaika mphika, ketulo ndi ayironi pa chingwe chimodzi chowonjezera, chopyapyala, chimene chimayamba kufunda, kenako kufewa, kenako kuyaka. Taonani tsono amene amasankha njira yachidule ndi amene amalipira. Wodula pulagi nthawi zambiri ndi bambo wa pakhomo, amene saphika. Wogwira mphika tsiku ndi tsiku ndi mkazi wake, kapena mtsikana wantchito wochokera kumudzi kopanda magetsi, kapena mwana wa sukulu wotumidwa kuti aone ngati mbatatesi yapsa. Munthu akati ndasiya zonse m’manja mwa Mulungu, tiyenera kumufunsa kuti moyo umene wasiyawo ndi wa ndani. Kawirikawiri si wake.

Malemba sanaisiye nkhani imeneyi kuti aliyense aziganizira yekha. Pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba yatsopano akulamulidwa kumanga kampanda kuzungulira denga, chifukwa madenga a kumeneko anali athyathyathya ndipo anthu ankakhalapo, ndipo lamulolo likuti wina akagwa, mlandu wa magazi uli panyumbayo. Lamuloli linapatsidwa kwa anthu amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti masiku a munthu ali m’manja mwa Mulungu, koma silinalole mwini nyumba kubisala kumbuyo kwa chikhulupiriro chimenecho. Pa Eksodo 21 pali mlandu wa ng’ombe yogunda, umene Mngoni aliyense wa ku Angónia angaumve msanga. Ng’ombe ikapha munthu koyamba, mwini wake alibe mlandu. Koma ngati inkadziwika kuti imagunda, mwini wake anachenjezedwa, iye osaitsekera, mlandu wa imfayo uli pa iye. Chosiyanitsa ndi kudziwa. Pa Eksodo 22 woyatsa moto umene walowerera m’munda wa mnzake akuuzidwa kulipira, ngakhale sanafune kuti zitero. Tikabwera nazo kukhitchini, kampanda kathu ndi zinthu zodziwika. Mphika ukhale patebulo lolimba ndi losapendekeka, osati pansi pamene tinazolowera kuphikira ndi pamene mwana amakwawa. Chingwe chake chisalendewere poti kadzanja kangachikoke, chifukwa chingwe chikakokedwa madzi owira onse amatsikira pamutu pa wokokayo. Ukhale motalikira khoma, makatani ndi shelefu, kuti nthunzi ipite m’mwamba. Madzi athiridwe kufika pa mzere wolembedwa pulagi isanalowe, ndipo asaloledwe kuphwa. Povundukula, chivundikiro chipendekekere kutali ndi nkhope, dzanja litagwira nsalu youma, ndipo mayi amene wabereka mwana akumbuke kuti akawerama, dzanja la kumbuyoko limafika pamene iye sakuona. Potsuka, timadengu tingalowe m’beseni, koma chapansi chokhala ndi magetsicho chisamizidwe m’madzi. Magetsi akazima chakudya chili mkati, pulagi izulidwe, chifukwa amabwerera nthawi imene anthu atuluka kapena agona. Amene wamva zimenezi wafanana ndi mwini ng’ombe wochenjezedwa uja.

Wotsutsa woyamba adzati: kodi Mulungu sadziwa tsiku la munthu aliyense? Ngati analemba kuti mwanayu adzakula, waya sangamuphe, ndipo ngati analemba kuti apita, tebulo lalitali silingamupulumutse. Funsoli ndi lakale ndipo silopepuka. Koma n’zochititsa chidwi kuti mipingo imene imalimbikira kwambiri kuphunzitsa za ulamuliro wa Mulungu ndiyo inakana mathero amenewa. Mpingo wa Reformed, umene uli ndi sukulu yake ya abusa ya Hefsiba kuno ku Ulongwe, unachokera ku mipingo yogwiritsa Katekisimu wa Heidelberg wa chaka cha 1563. Katekisimu ameneyo amaphunzitsa kuti palibe chochitika mwangozi, mvula ndi chilala, thanzi ndi matenda, zonse zimadzera m’dzanja la Atate. Buku lomwelo, pofotokoza lamulo loletsa kupha, limawerengera kudziika dala pangozi pamodzi ndi zinthu zoletsedwazo. Olemba ake sanaone kutsutsana, chifukwa kwa iwo Mulungu amene anakonza mathero ndi yemwenso anakonza njira zofikira kumeneko, ndipo chisamaliro cha munthu ndi imodzi mwa njirazo. Akatolika, amene misoni yawo ya Ajezuwiti ku Lifidzi inayamba kumayambiriro kwa zaka za m’ma 1900, amaliwerenga lamuloli kukhala lachisanu pomwe a Reformed amati lachisanu ndi chimodzi, koma katekisimu wawo wa chaka cha 1992 amaletsanso kuika munthu pangozi ya imfa popanda chifukwa chachikulu. Pa Machitidwe 27, Paulo anali atalonjezedwa kuti anthu onse 276 a m’chombo adzapulumuka, koma ataona amalinyero akufuna kuthawa, anauza asilikali kuti popanda anthu amenewo palibe kupulumuka. Lonjezo linali loona, ndipo linakwaniritsidwa kudzera m’manja a anthu odziwa chombo. Pa Mateyu 4, amene akunena kuti dzigwetse, angelo akuwakha, ndi Satana, ndipo Yesu akukutcha kumeneko kumuyesa Mulungu. Kupisa waya wosenda m’tomada n’kumati Ambuye atisunga ndi kupempha chozizwitsa pa chinthu chimene pulagi yotsika mtengo ikanakonza.

Wotsutsa wachiwiri salankhula mokweza m’tchalitchi, koma alipo pamudzi uliwonse. Iye amati waya uja wakhala chisendekere zaka, anthu akudutsapo, nanga bwanji wagwira mwana ameneyu, lero lino? Pali dzanja la munthu. Sindikufuna kumuseka, chifukwa funso lake ndi lenileni. E. E. Evans-Pritchard, m’buku lake la chaka cha 1937 lonena za anthu a mtundu wa Azande, anaonetsa kuti anthuwo ankadziwa bwino kuti nkhokwe imagwa chifukwa cha chiswe, ndipo ufiti ankautchula poyankha funso lina, loti inagweranji nthawi imene m’bale wawo anakhala pansi pake. Sayansi ya magetsi siyankha funso limenelo, ndipo mtima wosweka suleka kulifunsa. Koma taonani kumene yankho la ufiti limatifikitsa. Max Marwick, amene anafufuza pakati pa Achewa a kum’mawa kwa Zambia n’kutulutsa buku lake m’chaka cha 1965, anapeza kuti oganiziridwa ufiti nthawi zambiri anali achibale a kuchikazi, anthu a mbumba imodzi. Ndiye kuti mwana akagwidwa ndi magetsi, chala chimaloza agogo kapena amalume, banja limang’ambika, ndalama zimapita kwa sing’anga, ndipo waya uja ali pomwepo kudikira mng’ono wake wa womwalirayo. Ngakhale munthu wokhulupirira kuti mfiti iliko ayenera kuvomera kuti pa zinthu ziwirizi chimodzi chokha ndicho chili m’manja mwake. Mtima wa mnansi sangauone, koma waya akuuona. Kusiya chooneka n’kuthamangira chosaoneka kumapeputsa mwini nyumba, chifukwa mlandu wachoka pa iye, ndipo kupepukako n’kumene kuyenera kutichititsa kukayikira.

Wotsutsa wachitatu ndiye wamphamvu, ndipo ndikugwirizana naye pa zambiri. Iye akuti chiphunzitso cha kusamala chimasanduka ndodo yokwapulira ofedwa, makamaka amayi, ndipo chimaiwala umphawi. Banja la m’chipinda chimodzi cha lendi, chokhala ndi tomada imodzi pafupi ndi pansi, lilibe tebulo lalitali, ndipo silingawaye nyumba ya mwini wake. Mayi mmodzi akuphika, akuchapa, akuyang’anira ana atatu, ndipo maso ake ndi awiri. Zonsezi n’zoona. Yesu mwini, pa Luka 13, anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo, ndipo pa Yohane 9 anakana kufufuza tchimo la makolo a munthu wobadwa wakhungu. Ngozi zina zimagwa munthu atachita zonse zimene akanatha, ndipo wolalikira amene amafuna wolakwa pamaliro alionse ndi mnzake wa abwenzi a Yobu. Koma chimene chikutuluka pamenepa n’chakuti udindo umatsata mphamvu. Lamulo la kampanda linalunjika mwini nyumba, osati mlendo wokwera padenga. Choncho woyamba kufunsidwa ndi mwini nyumba ya lendi amene amatolera ndalama mwezi ndi mwezi koma sanaike waya wopita pansi, ngakhale kachipangizo kamene amisiri kuno amati disjuntor diferencial, kodula magetsi kokha akangoyamba kutayikira mamiliampeya 30. Wachiwiri ndi mmisiri amene walandira ndalama ya waya wonenepa n’kuika wopyapyala mkati mwa khoma, mosaoneka. Wachitatu ndi wogulitsa amene akudziwa kuti pulagi ya katundu wake silowa m’tomada ya kuno koma wangokhala chete. Wachinayi ndi wolemba ntchito mtsikana wa kumudzi n’kumusiyira mphika wokhala ndi kabuku ka malangizo ka Chingerezi kapena Chipwitikizi, osakhala naye pansi ngakhale kamodzi kumuonetsa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mtsikanayo akapsa nkhope sadzabwerera kwawo monga anachokera. Wosaukayo amatsala ndi gawo laling’ono, koma gawo lake lilipo: kuzula pulagi, kupukuta manja, kutulutsa mwana panja povundukula, zimene sizifuna metikali ngakhale imodzi.

Ena adzati zimenezi n’zazing’ono kuti zilankhulidwe paguwa, kuti m’busa si mmisiri wa magetsi. Koma WHO imati anthu pafupifupi 180,000 amafa ndi zilonda za kupsa chaka chilichonse, ambiri m’mayiko osauka ndi apakati, ndipo kuno kwathu ovulala kwambiri ndi ana aang’ono ndi amayi, m’nyumba zawo zomwe. Mpingo umene umaika maliro amenewa uli ndi ufulu, ndiponso udindo, wolankhula asanachitike. Misonkhano ya amayi a mpingo, miphakati ya Akatolika, ndi malangizo a chikwati amene amaphunzitsa mkwatibwi kusamala pakhomo, ndi malo okonzeka kale. Mphika wamagetsi umaperekedwa ngati mphatso paukwati, ndiye alangizi angathe kuwonjezera mawu awiri atatu a kagwiritsidwe kake, ndipo awauze onse awiri, mkwati ndi mkwatibwi. Aphunzitsenso zoyenera kuchita ngozi ikagwa, poti pamenepa chikondi chosadziwa chimawononga kwambiri. Munthu akagwidwa ndi magetsi, osamugwira ndi manja, koma kuzimitsa pa switchi yaikulu kapena kumukankha ndi mtengo wouma. Wopsa ndi nthunzi kapena madzi owira, bala lake lithiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, mphete ndi zibangili zivulidwe pasanatupe, nsalu yomatirira pakhungu isakokedwe, matuza asaphulitsidwe. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira ndi phulusa, zimene anthu amapaka ndi mtima wabwino, zimasunga kutentha ndi kulowetsa tizilombo. Bala likakhala lalikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, kapena lili pankhope, m’manja kapena kumaliseche, kapena wopsayo ndi mwana wamng’ono, liphimbidwe ndi nsalu yoyera ndipo athamangire naye kuchipatala cha Ulongwe kapena china chapafupi tsiku lomwelo. Wogwidwa ndi magetsi apitenso ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa mtima umatha kusokonekera pambuyo pake. Pemphero lichitike m’njira, galimoto kapena njinga yamoto ikuyenda.